Masitepe opapatiza, chithunzi chotambalala: lipoti la storyboard ya gawo limodzi la filimu

Lipoti ili ndi la gawo limodzi la filimu yaitali yomwe ndinaigwirira ntchito yojambula storyboard, kutanthauza zithunzi za m'mabokosi zosonyeza zimene kamera idzaone filimu isanayambe kujambulidwa. Ndalembera anzanga a pensulo komanso amene akufuna kulowa ntchitoyi. Mayina a anthu, a kampani ndi a filimuyo ndawasiya.

Mmene zinthu zinalili

Inali filimu yoimitsa mtima, ya ndalama zochepa. Gawo lake linali la masamba awiri ndi theka mu script, nkhani yolembedwa ya filimuyo. Mayi wanyamula mwana wa zaka 5 usiku, akutsika masitepe a nyumba yosanja yakale, kuthawa mwamuna amene akuganiza kuti wamusiya pamwamba. Mwamunayo ali kale pansi, akukwera. Akumana pakati, alimbana, mwamunayo agwa. Pali chizolowezi chowerengera tsamba limodzi la script ngati mphindi imodzi ya filimu, koma pa magawo otere chimanama. Wolemba akangoti "alimbana" wamaliza, pamene anthu a kamera angathe usiku wonse pa mawu amodziwo.

Ndinalowa ntchitoyi pakati. Amene anayamba kujambula anali atapita ku filimu ina, ndipo anasiya zithunzi zokongola kwambiri, za mithunzi yakuya ndi kuwala kogwira mtima. Producer, woyang'anira ndalama ndi kayendetsedwe ka filimuyo, anali atazigwiritsa ntchito pokopa oika ndalama, ndipo zinakopadi. Mnzangayo anazijambula nyumba yojambuliramo isanapezeke, choncho masitepe ake anali a m'mutu mwake. Ine ndinauzidwa kuti ndimalize magawo otsala. La masitepe aliyense ankalitenga kuti latha.

Njira ya storyboard inakhazikika ku situdiyo ya Walt Disney chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, kumene ankakhoma zithunzi motsatana pa bolodi kuti aone nkhani yonse pamodzi. Koma m'makatuni chimene wajambula chimatheka, chifukwa pensulo ndiyo kamera. Mu filimu ya anthu enieni kamera ili ndi thupi, ili ndi munthu kumbuyo kwake, ndipo khoma la simenti silisuntha.

Chizindikiro choyamba

Amene anayamba kununkhiza vuto ndi wothandizira wamkulu wa dayirekitala, munthu amene amakonza ndandanda ya masiku ojambula. Anandipatsa mapepala aja n'kunena kuti, "Achimwene, tandiwerengereni kuti pamenepa kamera tiimika kangati. Ine ndalephera."

Funso limeneli ndi lomwe storyboard yogwirira ntchito imayenera kuyankha. Shot ndi chidutswa cha filimu chimene kamera imajambula mosaduka. Bokosi si shot, ndipo shot si malo oimika kamera. Mabokosi atatu angakhale shot imodzi yomwe kamera ikuyenda. Ma shot asanu angachokere pa malo amodzi, mongosintha lenzi. Chimene chimadya nthawi ndi kusamutsa kamera ndi magetsi, ndipo ndicho wothandizirayo ankafuna kudziwa. Zithunzi zija zinalibe manambala, zinalibe mivi yosonyeza kayendedwe, zinalibe mapu a pansi osonyeza poima kamera ndi osewera. Inenso sindinathe kuwerenga.

Ndikuziyang'anitsitsa ndinaona china. Mabokosi anali a 16:9, ngati sikirini ya TV, pamene filimuyo inali yoti ijambulidwe pa 2.39:1, chithunzi chotambalala cha m'nyumba zoonetsera mafilimu. Ukachoka pa 16:9 kupita pa 2.39:1 m'lifupi osasintha, pafupifupi kotala la kutalika kwa chithunzi limatayika. Ndinadula pepala lakuda pa muyezo woyenera n'kuliika pamwamba pa bokosi lililonse. M'mabokosi ambiri chomwe chinkatayika chinali mapazi, masitepe enieniwo, kapena mutu wa munthu. Masitepe ndi chinthu choimirira, pomwe chithunzi chathu chinali chogona.

Zimene tepi inanena

Ndinapempha kupita ku nyumbayo ndi tepi yoyezera. Masitepe anali okhotakhota: kutsika masitepe 10, kufika popumira, kutembenuka kuyang'ana kumene wachokera, kutsikanso. M'lifupi anali mita 1.1. Popumira panali pafupifupi mita 1.5 kuchokera ku sitepe kufika kukhoma. Pakati pa zitsulo zogwirira panali mpata wautali, wopapatiza, wa masentimita pafupifupi 30, woonekera mpaka pansi.

Kenako ndinafunsa mkulu wa makamera za zida zake. Sensa, kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwa kamera, inali ya Super 35, yomwe m'lifupi mwake ndi mamilimita pafupifupi 24.9. Magalasi anali wamba, osati a anamorphic omwe amafinya chithunzi chotambalala kuti chikwane pa sensa, choncho 2.39:1 inkapezeka podula pamwamba ndi pansi, n'kutsala mamilimita pafupifupi 10.4 a kutalika. Masamu ake ndi a pulayimale: tenga mtunda, chulukitsa ndi kutalika kwa sensa, gawa ndi nambala ya lenzi, ndiye wapeza kutalika kwa zimene kamera ione. Kuti munthu wa mita 1.8 aoneke yense pa lenzi ya 24mm, kamera iyenera kukhala patali mamita oposa 4. Pa 18mm, yomwe inali yotambalala kwambiri mwa magalasi amene anabwereka, pamafunikabe mamita oposa 3. Popumira paja, kamera ndi woigwira akatenga malo awo, pakati pa lenzi ndi wosewera pankatsala mita 1.2 zikayenda bwino. Pa mtunda umenewo 24mm imaona masentimita pafupifupi 52: mutu ndi mapewa, basi.

Panali malo amodzi okha oonera munthu yense, kuima popumira pena n'kuyang'ana chotsika kapena chokwera popumira penapo. Zithunzi zakale zambiri zinali ndi anthu athunthu ooneka cham'mbali.

Choipa kwambiri chinali bokosi lomwe aliyense ankalikonda. Linkasonyeza nyumba ngati yang'ambidwa khoma limodzi, nsanja zitatu zikuoneka pamodzi, mayi ali pamwamba ndi mwana, mwamuna ali pansi. Kuti kamera ione zimenezo inayenera kukhala kunja kwa nyumba, m'malere, n'kumaona kudutsa simenti.

Vuto lachiwiri linali la mbali. Lamulo la madigiri 180 limati pakati pa anthu awiri, kapena m'njira imene munthu akulowera, pali mzere, ndipo kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo kuti wopita kumanja azipitabe kumanja pa shot iliyonse. Pa masitepe okhota munthu amatembenuka kotheratu pa popumira paliponse, ndiye mzerewo umatembenuka naye. M'zithunzi zakale mayi ankapita kumanzere apa, kumanja apo, mwamunanso chimodzimodzi. Pa pepala sizinkavuta, chifukwa diso limaona mabokosi onse nthawi imodzi. Pa sikirini woonera amalandira shot imodzi imodzi, ndipo sakanadziwa ngati anthu awiriwa akuyandikirana kapena akutalikirana. Mantha onse a gawoli anali pomwepo.

Kukumana ndi adayirekitala

Sindinapite nazo ku msonkhano waukulu. Adayirekitala anali mayi amene anakhala ndi filimuyi mumtima zaka zingapo, ndipo bokosi lija linali pakhoma la ofesi yawo. Kuwauza pamaso pa gulu lonse kuti silingatheke kukanawakakamiza kuliteteza. Ndinapempha kuonana nawo patokha, pamodzi ndi mkulu wa makamera.

Ndisanapite ndinamanga masitepewo mu Blender, pulogalamu ya pa kompyuta youmbira zinthu, mabokosi otuwa okhaokha pa miyezo ya tepi ija, n'kuika kamera ya m'kompyuta ya sensa ndi magalasi ofanana ndi enieni. Kompyuta sikujambulira storyboard. Kulemera kwa thupi la munthu amene wanyamula mwana, kapena mmene phewa limagwera munthu akamva phazi pansi, zimenezo ndi za dzanja. Koma imakuletsa kunama za malo. Ndinawapatsa mbewa ya kompyuta kuti ayendetse okha kamera, afunefune pomwe angaonere bokosi lawo. Anayesa kanthawi, kamera ikungolowa m'khoma, kenako anasiya.

Ndinawafunsa kuti, "Mayi, chithunzichi chikuwauza chiyani oonera?"

Anati, "Akuona chimene mayiyu sakuchiona. Akudziwa kuti akutsikira m'manja mwa mwamunayo."

Yankho limeneli ndi lomwe linatsegula njira, chifukwa silinatchule nsanja zitatu, silinatchule khoma. Chofunika chinali chakuti woonera adziwe mayiyo asanadziwe, ndipo adziwe mu shot imodzi yosaduka, kuti akhulupirire kuti anthu awiriwa ali pa masitepe amodzi.

Njira zinalipo zitatu. Yoyamba, kumanga masitepe mu situdiyo okhala ndi makoma ochotseka. Producer atamva anangoti, "Walira mvula walira matope," n'kuyamba kutchula akalipentala, penti, lendi ya situdiyo ndi magetsi owonjezera. Ndalama zake kunalibe. Yachiwiri, kupanga chithunzicho pa kompyuta filimu itajambulidwa. Imeneyi anaikana ndi mkulu wa makamera, ndipo ndinagwirizana naye: filimu yonse kamera inkakhala pafupi ndi mayiyo, yonyamulidwa paphewa, ndiye kudumphira mwadzidzidzi kunja kwa nyumba kukanaoneka ngati shot yobwereka ku filimu ina. Yachitatu inali mpata uja wa masentimita 30.

Ndinajambula mabokosi anayi pomwepo, mothamanga. Kamera ili pamwamba, ikuona dzanja la mayi pa chitsulo chogwirira. Ikusuntha kudutsa chitsulocho, ikuyang'ana pansi mu mpata. Nsanja ziwiri pansi, dzanja lina likutulukira pa chitsulo, likukwera. Ukayang'ana masitepe kuchokera pamwamba, salinso chinthu choimirira. Mpatawo ndi wautali ndi wopapatiza, ndipo ukautembenuzira kamera bwino umagona ndendende m'chithunzi cha 2.39:1. Muyezo umene unkatilepheretsa m'mabokosi ena onse unatithandiza apa.

Mkulu wa makamera anakonzanso ziwiri. Anasankha 35mm m'malo mwa 24mm yomwe ndinalemba, kuti dzanja la pansi lisachepe kwambiri, ndipo anapempha kuti mwamunayo avale wotchi yoti igwire kuwala diso la woonera lithamangireko. Zonse ziwiri zinalowa m'zithunzi.

Kujambulanso gawo lonse

Ndinajambula mwadala zithunzi zosakongola: mizere, mivi, mthunzi umodzi wotuwa. Chithunzi chomalizidwa bwino anthu amachiopa. Amachiyamikira, sachitsutsa, ndipo wina amene waona kuti sichingatheke amangokhala chete poganiza kuti akuluakulu anavomereza kale. Chithunzi cha pensulo yothamanga aliyense amachilemba ndi bolopeni, ndipo ndi zimene ndinkafuna.

Pa nkhani ya mbali tinasiya kudalira kumanja ndi kumanzere. Tinagwirizana kuti mayi nthawi zonse azilowera chakumunsi kwa chithunzi, mwamuna chakumtunda. A magetsi anawonjezera lawo: pamwamba kuwala kozizira kwa pawindo, pansi babu yofiirira, ndipo aliyense akamayandikira mnzake kuwala kwa mnzakeyo kuzichuluka pankhope pake. Pa popumira paliponse pamene mayi akutembenuka, tinasankha chimodzi mwa ziwiri: kutembenukako kuoneke mkati mwa shot, kapena pakhale shot yopanda mbali, ya mapazi akubwera molunjika ku kamera, yomwe imafufuta mzere wakale m'maso mwa woonera n'kulola watsopano.

Kugwa kwa mwamuna kunali bokosi limodzi m'zithunzi zakale. Woyang'anira zogwa ndi zomenyana anakugawa patatu. Wosewera weniweni akankhidwa mpaka pamene wataya mphamvu ya miyendo. Katswiri wogwa, wovala zofanana naye, agubuduka pa masitepe okutidwa ndi thonje lolimba lopentedwa ngati simenti, kamera ili pamwamba kuti nkhope isaoneke. Kenako wosewera uja wagona pansi, kamera ili pafupi ndi simenti. Chimene ankafuna kwa ine sichinali kukongola kwa kugwako. Ankafuna kudziwa pamene chithunzi chikuthera, kuti matiresi awaike kunja kwake, ndiye pa mapu a pansi ndinalemba mizere iwiri yochoka pa kamera iliyonse.

Za mwana zinalinso ndi malire. M'mayiko ambiri malamulo amachepetsa maola amene mwana angagwire ntchito pa filimu, makamaka usiku, ndipo palibe amene akanalola mwana kukhala m'manja mwa munthu amene akulimbana pa masitepe. Ndinazunguliza ndi utoto wofiira mabokosi okhawo amene nkhope ya mwana ikuoneka. Anali ochepa, ndipo anawajambula masana atatseka mawindo ndi nsalu zakuda. Kwina konse mayi ananyamula chidole cholemera chokutidwa m'bulangete.

Ndinalumikiza zithunzizo pa kompyuta, chilichonse ndi nthawi yake pa mafulemu 24 pa sekondi, ndi phokoso la mapazi lomwe ndinajambula pa foni. Masamba awiri ndi theka aja anatuluka pafupifupi mphindi zinayi. Adayirekitala ataonera anachotsa nsanja imodzi yonse, ndipo anachita bwino, chifukwa dzanja lija likangooneka woonera safunanso kudikira nthawi yaitali. Pomaliza ndinasanja ma shot potengera malo a kamera, osati potengera nkhani, ndipo iliyonse ndinaipatsa chilembo: A yosasiyika, B yofunika, C ya ngati nthawi ilipo. Wothandizira uja anapeza nambala yake, ndipo inakwana mu mausiku awiri amene gawoli linapatsidwa.

Zimene zinachitika pojambula

Wojambula storyboard kawirikawiri sakhalapo pojambula filimu, ndipo inenso ndinali nditachoka. Zotsatirazi ndinazimva kwa wothandizira uja ndi kwa mkonzi wolumikiza zithunzi.

Usiku woyamba unayenda monga mwa mapepala. Wachiwiri, shot ya mu mpata inadya nthawi. Kupachika kamera pamwamba pa mpata kunafuna zitsulo ndi zingwe zotetezera, pansi pasakhale munthu mpaka zonse zitamangidwa. Kuwala kunali kochepa, lenzi yotsegula kwambiri, choncho malo ooneka bwino anali ochepa, ndipo wosintha focus, amene amasankha chomwe chioneke bwino m'chithunzi, ankayenera kuchoka pa dzanja lapafupi kufika pa lakutali pa nthawi yeniyeni imene wotchi ikutulukira. Anabwereza kambirimbiri. Atapeza yabwino, kunja kunali kutatsala pang'ono kucha.

Apa zilembo zija zinagwira ntchito. Ma C onse anafufutidwa popanda mkangano, ma B ena anaphatikizidwa. Koma nthawi inali yosakwanabe, ndipo anayamba kuyang'ana ma A. Anachotsa imodzi: mapazi a mayi pa popumira pomaliza, asanakumane ndi mwamuna. Munalibe nkhope, munalibe mawu, munalibe ngozi. Kwa anthu otopa inkaoneka ngati nsapato chabe.

Vuto linatulukira kwa mkonzi. Mayi akutsika chakumanja, shot yotsatira akutsika chakumanzere, ndipo imeneyi inali yapafupi kwambiri moti masitepe sankaoneka kuti asonyeze kutsika. Anthu ochepa amene anaonetsedwa gawoli koyamba, ena anaganiza kuti mayiyo wamva phazi n'kubwerera kumtunda. Ngati wabwerera, ndiye kuti wadziwa, ndipo zimene shot ya mu mpata inamanga zagwa. Mkonzi anayesa kutembenuza shot imodzi ngati pa galasi loonera, njira yomwe imapulumutsa nthawi zambiri. Apa inakana: chitsulo chogwirira chinasamukira mbali ina, mwana anadumphira paphewa lina, ndipo nambala ya nsanja yopentedwa pakhoma inawerengeka chammbuyo.

Anabwerera ku nyumba ija ndi anthu ochepa, babu imodzi ndi nsapato zomwe zija. Wosewera anali kale ku ntchito ina, ndiye anazivala ndi mayi wina wa m'gulu la zovala. Mu filimu yomalizidwa shot imeneyo sikwana sekondi imodzi.

Zoti anzanga aganizire

Chilembo A sichidziteteza chokha. Chimanena kuti shot ndi yofunika, koma sichinena chifukwa chake, ndipo amene akufufuta mbandakucha si amene anali nawo pa zokambirana za mzere. Ma shot okhala ndi nkhope kapena ngozi aliyense amaona kufunika kwake. Amene ali pangozi ndi olumikizira: mapazi, dzanja pa chitseko, munthu akutembenuka. Tsopano pansi pa bokosi lotere ndimalemba chiganizo chathunthu ndi zilembo zazikulu, monga chakuti popanda iyi ma shot awiri oyandikana nayo salumikizana, ndipo ndimaonetsa woyang'anira kulumikizana kwa zithunzi, chifukwa iyeyo amakhala pafupi ndi kamera usiku wonse ndipo mzere ndi ntchito yake.

Zithunzi za mnzanga woyamba zinalibe mlandu. Zinajambulidwa kuti zikope ndalama, ndipo zinakopa. Vuto linabwera pamene zinalowa mu fayilo ya ntchito popanda wina kulembapo kuti ndi zongosonyeza mzimu wa filimu. Zonse zimatchedwa storyboard, zonse zili m'mabokosi, koma zina zimayankha funso lakuti filimu idzamveka bwanji mumtima, zina lakuti kamera iima pati. Ukalandira ntchito ya mnzako, funsa kuti anajambula liti, nyumba itapezeka kapena isanapezeke, muyezo wa chithunzi utasankhidwa kapena ayi.

Pali chimodzi chomwe ine ndi mkulu wa makamera sitinagwirizane mpaka lero. Iye amati storyboard yokhala ndi manambala a magalasi imamumanga manja, ndipo wojambula azingosonyeza kukula kwa munthu m'chithunzi, zina amusiyire. Ndimamumvetsa, ndipo pa gawo la anthu awiri akucheza patebulo sindilemba lenzi, nthawi zina sindijambula n'komwe. Koma pamalo opapatiza, pamene pali mwana, munthu wogwa ndi mausiku awiri okha, nambala ija ndiyo umboni wakuti chithunzicho chinayezedwa. Akafuna aisinthe, monga anasinthira 24mm kukhala 35mm.

Pa filimu yotsatira ndinapempha mu mgwirizano wa ntchito kuti ndizikhala nawo tsiku limene akuluakulu a magulu onse amayendera malo ojambulira, komanso pa masiku a magawo ovuta. Anavomera tsiku loyendera malo lokha. La masiku ojambula anakana chifukwa cha ndalama.